Msana Wosapindika

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene denga lathu la udzu linayamba kudontha ngati sefa. Mkazi wanga NyaChirwa sanatsutse. Anangoti, "Mukabwere ndi malata, osati ndi mkazi wina."

Ndalama za malata ndinkatumizadi. Kumgodi tinkagona amuna okhaokha pa mabedi a simenti, ndipo kalata yochokera kwathu ndinkaiwerenga mpaka kung'ambika m'mapindo. Kenako thanthwe linandigwera pamsana. Kuchipatala cha mgodi anandilumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana kuti akhale limodzi. Dokotala anandiuza mosabisa kuti pamene alumikizapo sipadzapindikanso, ndiye ntchito yonse idzagwera mafupa oyandikana nawo, lapamwamba ndi lapansi. Ndikamanyamula zolemera, amenewo adzatha msanga.

Ndinatsika sitima pa Nkhata Bay nditawongoka ngati mzati. Ayufi, anyamata a chipani aja, anandifunsa khadi la chipani, ndinawaonetsa, ndinadutsa. Vuto linayambira kwa apongozi ku Chikale. Mkamwini amanjuta popereka moni, koma ine ndinalephera, ndinapereka chiimirire. Nkhani inafika pamsika ine ndisanafikepo. Matama a ku Joni, ankatero. Ndinafotokoza za mafupa aja mpaka kukamwa kuuma, koma chipsera cha kunsi kwa jekete ndani amachiona? Ngakhale NyaChirwa anati, "Ingoyesani kuwerama pang'ono, anthu akundiseka." Mawu amenewo anandiwawa kwambiri.

Apongozi aamuna atamwalira, manda anali pamwamba pa phiri. Kuno bokosi timalandirana pamapewa, ndipo mkamwini sabisala kumbuyo. Mlamu wanga anandiyang'ana pamaso pa anthu.

"Alamu, kapena suti ingade?"

Ndinalowa pansi pa bokosi, ndikudziwa bwinobwino chimene ndikuchita. Pakati pa chitunda china chake chinathetheka pamwamba pa chipsera, mwendo wamanzere n'kuchita dzanzi. Sindinatule mpaka wina anandilandira.

Kuchipatala cha pa boma anati fupa lapamwamba latsetsereka, ndipo iwo alibe chochita nalo. Lero ndimayenda ndi ndodo, chowerama. Kuchoka pakhonde kukafika pamsika ndimapuma kangapo, ndipo kunena zoona ndatopa. Dzana ndikudutsa pamene amagulitsa ufa wa kondowole ndinamva amayi awiri akunong'onezana za ine.

"Koma ada aja asintha. Masiku ano ali ndi ulemu."