Zala Ziwiri za Mesenjala

Bambo anga aang'ono anakhala mesenjala wa khoti zaka makumi awiri. Masamani ambiri amene ankapereka anali a amuna othawa kusamalira ana ukwati ukatha. Ena anathirapo bambo aang'onowo madzi otentha, ena kuwakhwizira agalu.

Tsiku lina anatengera samani wabutchala wina amene anasiya mkazi ndi ana atatu. Anam'peza akudula mafupa pachipika.

"Achimwene, Lachiwiri mukaonekere kukhoti. Nkhani ndi ya chithandizo cha ana anu."

"Ana anga ati? Mkaziyo akafunse amene anam'patsa mimbazo!"

Bambo aang'ono anaika pepalalo pachipikapo, koma asanachotse dzanja chikwanje chinatsika, khaa! Zala ziwiri zinagwera m'beseni la matumbo. Azimayi amene ankagula nyama anathawa akukuwa.

Bambo aang'ono anamanga dzanjalo ndi tayi, magazi ali chuchuchu, n'kunena kuti, "Samani mwalandira, anthu aona."

Wabutchalayo anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi. Za zalazo bambo aang'ono sadandaula kwenikweni. Chimawawawa mpaka lero n'chakuti ana aja sanalandirebe kanthu, poti wandende sadyetsa mwana.