Minibasi M'nyimbo ya a Kachingwe

Mboni zanga ndi zitatu: Che Ajibu, kalipentala wa kuseri kwa Msika wa Lilongwe, mayi Naphiri, amene ankaphika panyumbapo, ndi galu dzina lake Sajeni, amene anafa kale koma anaona zonse. Wokayika apite akafunse.

Ntchitoyo anandipezera ndi Che Ajibu. Anaitanidwa ku Area 11 kukakonza mwendo wa piyano umene chiswe chinadya, ndipo ananditenga pakati pa osenza matumba a anyezi kuti ndikawathandize kunyamula. Piyanoyo inali yolemera moti titaikweza pang'ono, nyumba yonse inapumira m'mwamba. Ndikulumbira. Mwini wake, a Kachingwe, mkulu wopuma pantchito ya boma, ataona kuti sindinaigwetse anandilemba tsiku lomwelo.

M'mawa ndinkapukuta makiyi a piyano ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, kuchokera mkati kubwera kunja, osati chopingasa, kuti fumbi lisagwere m'mipata. Oyera nsalu yawo, akuda nsalu yawonso. Nyengo yotentha ndinkatsegula thabwa la m'munsi, pamwamba pa mapedulo opondapo poimba, n'kuikamo kambale ka madzi kuti matabwa asang'ambike, ndi timibulu tothamangitsa mphemvu. Makoswe a ku Area 11 ndi ophunzira: wina ndinamupeza akuyenda pa makiyi akuda okhaokha.

Koma ntchito yeniyeni inali ya masana. A Kachingwe ankapeka nyimbo yokumbukira akazi awo, malemu a Nabanda, yoti adzaimbe pa tsiku la chiliza. Nyimbo yopanda mawu. Ine wokulira m'kwaya ya kumudzi, masiku oyamba ndinkangoyang'ana kukhomo kudikira kuti woimbayo afika nthawi yanji.

"Khala apo, umvetsere, undiuze zoona," anatero.

Zoona? Kwathu mkulu akachulutsa mchere m'ndiwo, mwana umangomwa madzi. Aliyense ankati, "Ili bwino, bwana." Mayi Naphiri ankanena ali kukhitchini, nyimbo isanayambe n'komwe. Inenso ndinkatero.

Vuto linali tulo. Dzanja lawo lamanzere likayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza katundu, maso anga ankatsekeka okha. Ndinkapezeka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe m'mamawa, nkhungu itakuta madzi, maluwa a jakaranda akugwa koma osafika pansi. Patsogolo panga mayi wina, dengu pamutu, akuyenda mosafulumira. Tomato wa mumsika akuwala patali ngati nyali. Ndiye tikangotsala pang'ono kuwoloka, pii! pii! minibasi, kondakitala akukuwa, mayi uja zii. Ndinkadzidzimuka n'kunena kuti, "Ili bwino, bwana." Tsiku lililonse, malo omwewo.

Tsiku loti mawa lake kuli chiliza, ndinaliza mkonono. Mayi Naphiri amati makatani anagwedezeka, ndipo Sajeni sanatsutse. A Kachingwe anasiya kuimba, n'kutseka chivundikiro mwakachetechete.

"Ndinakulemba ntchito yogona?"

"Ayi, bwana, ndimamvetsera cha m'kati."

"Iwe, nyimbo ya akazi anga yakutopetsa. Nena chimene wamva, apo ayi tenga chikwama chako."

Msana wanga unakumbukira matumba a anyezi aja. Ndinagwada, chifukwa zoona zimatuluka bwino munthu ali pansi, n'kuwafotokozera zonse: mlatho, nkhungu, mayi wa dengu, minibasi.

 A Kachingwe anatsegula piyano n'kuimba pamalo pamene dzanja lamanja limathamanga kukwera mpaka kumapeto kwa makiyi.

"Minibasi yakoyo ndi imeneyi?"

"Yomweyo, bwana. Yadzaza kale, koma ikuitanabe anthu."

Anaseka, kenaka anapukuta m'maso. "Pamenepa ndinaikapo kuti anzanga akale a kuofesi aone kuti zala zikadali ndi mphamvu. A Nabanda sankathamanga. Ngakhale mvula ankaipatsa kaye moni." Anatenga pensulo n'kukhwatcha mizere yonseyo papepala la nyimbo.

Titabwerako kumanda tsiku lachilizalo, alendo anadzaza pabalaza. A Kachingwe analamula kuti mpando wanga uikidwe pafupi ndi piyano, n'kuchenjeza mayi Naphiri kuti asandidzutse. Atangoyamba kuimba, ndinagona pamaso pa abusa ndi akuluakulu onse, kukamwa kuli yasa. Mayi a dengu aja anayenda, nkhungu ikuwapatukira, mpaka anaponda tsidya lina n'kutula dengu.

Nditatsegula maso, anthu anali akupukuta misozi, koma a Kachingwe ankayang'ana ine ndekha.

"Awoloka?"

"Awoloka, bwana."

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiimbira nyimbo imene wapeka sindinena kuti ili bwino. Ndimamuuza kumene yandifikitsa ndi pamene yanditsitsa. Ndipo akaona ndatsinzina asandigwedeze, ndimakhala ndili pantchito.