Mapiritsi a Nyamakazi ndi Magazi a Amuna Anga

Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji ku Bulawayo, kutsitsa matumba m'mabogi, ndipo nyamakazi inawalowa m'mawondo nkhondo yachiwiri ija isanayambe. Mnzawo wa kukomboni anawalozera mapiritsi oyera a kukemisiti m'tauni. Ankathandizadi. Akamwa awiri m'mawa, ankafika kuntchito osatsimphina. Anawamwa miyezi yambiri.

Tsiku lina anadzuka thupi likutentha, pakhosi pali zilonda, ngakhale madzi osapita. Mayi wachindebele woyandikana nafe anati ndi umkhuhlane chabe, chimfine, chitha chokha. Sichinathe. Pa tsiku lachitatu anzawo anawakankha panjinga mpaka kuchipatala cha anthu akuda.

Dokotala wachizungu anawabaya chala, napaka magazi pa kagalasi, n'kupita nako. Atabwerako anafunsa, kudzera mwa womuthandiza wake, bambo wa kwathu ku Nyasalande, ngati pali mankhwala amene ankamwa. Ndinamasula mpango n'kutulutsa botolo. Dokotalayo analiyang'ana, osandibwezeranso.

"Akuti mapiritsiwa ndi amene apha toyera ta m'magazi," anatero bambo uja.

"Toyera totani, bambo? Magazi ndimawadziwa, ndi ofiira."

"Muli timadontho toyera, mayi. Ndi timene timamenyana ndi matenda. Mwa amuna anu tatsala pang'ono kutheratu."

"Nanga mnzawo bwanji akumwa omwewa koma ali bwinobwino?"

"Ambiri sawachita kanthu. Chifukwa chake ngakhale dokotala akuti sakuchidziwa."

Zimenezi zinandidabwitsa kuposa matendawo, kuti mzungu angavomere kusadziwa. Dokotala atachoka ndinachonderera kuti ndione ndekha. Bambo uja anasuzumira pakhomo, kenaka anandiitanira pa makina okulitsa zinthu. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Atapotokola kachitsulo, ndinaona timbale tofiirira tambirimbiri, tothithikana ngati mikanda yomwazika. Anandiuza kuti ndifunefune kakakulupo, kabuluu. Ndinafunsa kuti koyera kangakhale bwanji kabuluu, iye anati amathira utoto kuti kaoneke. Ndinapeza kamodzi kokha, m'mphepete. Anasintha galasi, kuika la munthu wina, ndipo pamenepo ndinawerenga tisanu ndi kamodzi osavutika.

Amuna anga anagona milungu inayi m'chipinda chaokha, ine ndikuwaonera pawindo. Anatuluka ataonda, mawondo akuwawa monga kale. Kuyambira pamenepo ndinkawathowa ndi madzi otentha, ndipo kapitawo wawo anawasinthira kokasesa pasiteshoni. Mnzawo uja ndinamufotokozera zonse zimene ndinaona. Anamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, koma mapiritsi sanasiye.