Botolo la ku Limbe

A Albertina anabwerera kwa Milepa m'chaka cha 1996 ali ndi sutikesi yachitsulo, nsapato zagogoda ndi mawu amene anatopetsa mudzi wonse: "Ife ku Limbe sitinkatero." Anakhala kumeneko zaka khumi ndi ziwiri, akugwira ntchito m'nyumba ya amwenye ena ogulitsa nsalu. Banja lija litasamukira kunja, iwo anakwera basi kubwerera ku munda wa malemu mayi awo. Khasu analigwira ndithu, poti m'mimba munkafuna chakudya, koma ankaligwira ngati lobwereka.

Ukawafunsa ntchito imene ankagwira m'tauni, ankatambasula zikhatho. "Ana anayi a bwana anakulira m'manja anowa." Sanali kunama kwenikweni, kungoti ankadumpha pena. Ntchito yawo inali kuchapa matewera, kukolopa, ndi kuzungulira ndi mwana pakhonde akamalira. Za chakudya cha mwana adona ankakonza okha kukhitchini atatseka chitseko. A Albertina ankangolandira botolo lofunda kale, n'kuliika m'kamwa mwa mwana, likatha n'kukalisiya pa sinki. Zimene zinkachitikira botololo likachoka pa sinkipo sanafunsepo, ndipo palibe anawauza.

Tsiku lotsanzikana adona anawapatsa katoni ya zinthu zakutha. M'menemo munali botolo limodzi la mwana, lapulasitiki, lojambulidwa kabakha kachikasu, lili ndi kamphira kake koyamwira. Kumudzi botolo limeneli linakhala m'kabati zaka zitatu pakati pa makapu awiri adothi, moyang'ana kukhomo, kuti mlendo aliyense adziwe kuti walowa m'nyumba ya munthu woyenda.

Mwana anali naye mmodzi, Falesi, amene anamusiya kumudzi ali ndi zaka zinayi pamene iwo ankapita kukalera ana a eni. Falesi anakwatiwa ndi Bonifasio wa kwa Nchema, mnyamata wofatsa wonyamula anthu pa njinga, ndipo mwa mwambo wake anamanga nyumba kuchikamwini, kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ake. A Albertina ankafuna mkamwini wa mu ofesi, wovala tayi. Anapeza wonunkha thukuta ndi girizi. Mwayi wake unali wakuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana kumaso, ndiye kunyansidwa kwawo kunkaoneka ngati ulemu.

Jeremiah, mwana wa Falesi ndi Bonifasio, anabadwa mu Meyi 1999, ndipo a Albertina anamukonda mwanayo mopanda chinyengo. Ichi tinene poyera, poti zotsatirazi zingachititse munthu kuganiza zina. Atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mvula itayamba, mango akupsa, ntchentche zili ng'waa, Falesi anabwera kuchokera kusikelo ndi malangizo. Mwana ayambe phala, azidya ndi kapu ndi supuni, ndipo bere asalisiye.

"Kapu?" anatero a Albertina. "Mdzukulu wanga ine adyere m'kapu ngati mkaidi?"

Anatsegula kabati. Mkaka wa m'chitini panalibe pakhomopo, koma zimenezo sizinawavute. Anaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, analisefa pa kansalu, anathiramo shuga. Phala litakana kutuluka pa kabowo ka kamphira, anatenga lezala n'kukakulitsa. Mwana anayamwa mpaka kugona, ndipo agogo ake anayang'ana Falesi ndi nkhope ya munthu amene wapambana mlandu.

"Amayi, anesi anatitu kapu," Falesi anayesa.

"Anesi akowo analerapo mwana wa bwana?"

Asakunamizeni munthu kuti a Albertina anali auve. Mapoto awo ndiwo ankawala koposa onse pa thandala, okwechedwa ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu kudziona nkhope. Pabwalo ankasesa kawiri pa tsiku. Botolo nalo linkalandira ulemu woposa mapoto: ankalisambitsa ndi sopo wonunkhira wosambira, n'kulipukuta mpaka kabakha kaja kachite phuliphuli. Koma ukhondo wawo unali wa mapoto, woti anthu odutsa aone. M'kati mwa botolo dzanja silinkalowa, ndiye ankangothiramo madzi, kukhutchumula katatu, n'kutaya. Kamphira sankakachotsa pa chivindikiro chake, kuopa kuti kangang'ambike, nanga kena akakapeza kuti kwa Milepa? Madzi otentha ndiye ayi ndithu. Anaonapo beseni lapulasitiki likukwinyika pafupi ndi moto, ndipo chuma chawo cha ku Limbe sichikanafa imfa yotero.

Phala likatsala silinkatayidwa, poti munali shuga. Lophikidwa m'mawa linkapita kumunda, kukhala pamthunzi wa nandolo mpaka dzuwa kupendeka, mwana akalira n'kumupatsanso lomwelo. Botolo likagwa pansi ankapukuta kamphira ndi nsonga ya chitenje. Lamulungu ankabereka okha mdzukulu kupita kutchalitchi, botolo litasuzumira m'kachikwama, ndipo ankalitulutsa nthawi ya ulaliki kuti amayi a mabenchi atatu akumbuyo aone bwino.

Patatha sabata ziwiri mwana anayamba kutsegula m'mimba. "Ndi mano akumera," anatero a Albertina. Mano sanamere. Matewera anadzaza chingwe, mwana anayamba kukana bere, maso analowa, liwombo linalowa. Agogo ake anaona kuti mwana akufooka, ndiye anawonjezera phala kuti apeze mphamvu, m'botolo lomwelo. Mantha anawagwira zenizeni. Anakayikira madzi a pa mjigo, anakayikira chigayo, anakayikira mkaka wa Falesi. Chinthu chimodzi chokha pakhomopo ndicho sanachikayikire, chifukwa chinachokera m'nyumba ya bwana.

Apa m'pamene anakumbukira tsempho. A Albertina omwewo, amene ankaseka anzawo omangirira ana mikanda m'chiuno n'kumati ku Limbe zachikalezo kulibe, anaona kuti chachikale ichi chokha n'chothandiza. Akuluakulu amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda, mwanayo amadwala n'kuyamba kuwonda. Nanga Bonifasio ankatani tsiku lonse? Si uyo ankanyamula akazi a eni pa keliyala, atamugwira m'chiuno, kuchoka kwa Milepa mpaka kwa Kadewere?

Anaitanitsa ankhoswe. Kwa Nchema kunachokera a Stanford, amalume ake a Bonifasio, munthu wamtali wosachedwa kukhala chete. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu a m'mudzi ataima chapatali ngati akudutsa. Tsiku limenelo a Albertina anaiwala kuti mpongozi sayang'ana mkamwini. Anamuloza ndi chala.

"Mwanayu mwamutsempha ndinu, bambo. Ululani, tipeze mankhwala."

"Ine sindinayende ndi munthu, amayi," anatero Bonifasio akuyang'ana pansi. "Njinga ilipo iyi. Tiyeni timutengere mwana kuchipatala."

"Akwere njinga yomwe yamudwalitsayo? Mwati chani kodi?"

Bonifasio analumbira, Falesi analira, koma mawu a munthu amene analera ana anayi a bwana analemera kuposa a wopalasa njinga. Mkamwini wokana kuulula alibe malo pamudzi. Madzulo omwewo Bonifasio anamanga zovala zake pa keliyala ndi legeni, nakankha njinga kutsatira amalume ake. Mwana sanamulole n'kumugwira komwe.

Wotsempha anachoka, koma matenda anatsala. M'mawa wa tsiku lachitatu Jeremiah analeka ngakhale kulira, ankangoyasama. Falesi, amene chibadwire sanachitepo kanthu osapempha, anabereka mwana n'kuyamba ulendo wa kuchipatala osalankhula ndi munthu. A Albertina anamuthamangira m'mbuyo, nsapato zagogoda zili m'manja chifukwa cha matope, botolo lili m'kachikwama.

Kuchipatala mwana anamuika diripi nthawi yomweyo. Dzuwa litakwera anatsegula maso, ndipo agogo ake, mtima utatsika pang'ono, anatulutsa botolo kuti amupatse phala. Namwino wina wachitsikana, wongoposa Falesi pang'ono, anaima.

"Anganga, taonetsani botololo."

A Albertina analipereka ndi manja awiri, akumwetulira, poti tsopano anakumana ndi munthu wodziwa zinthu zabwino. Namwino anapotokola chivindikiro, anakankha kamphira ndi chala chachikulu, kanatuluka. Kenaka anakatembenuza, kunja kukhala m'kati.

Munali zakuda, zobiriwira m'mbali, zonanda. Phala la sabata zitatu linamanga nyumba m'makwinya onse, ndipo m'mabala a lezala muja ndimo linakhazikika bwino. Fungo linatuluka ngati la madzi onyikamo mphale amene aiwalika masiku asanu. Amayi amene anali pa mabedi oyandikana anaphimba mphuno ndi zitenje.

"Mumatsuka bwanji limeneli?"

"Ndi sopo wonunkhira," anatero a Albertina.

"Kunja kokha?"

Namwino sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangofotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mtsikana wa mimba yoyamba. Botolo limafuna kumasula chilichonse, kutsuka m'kati ndi kaburashi, ndi kuwiritsa nthawi iliyonse mwana asanadye. Phala lotsala n'lotaya. Amene sangakwanitse zimenezo agwiritse kapu ndi supuni, zimene maso amaona mbali zonse ndipo dzanja limafika paliponse. Ali chimvetserecho, a Albertina anakumbukira kaphokoso ka m'khitchini mwa adona m'mawa uliwonse, poto akubwata, zinthu zikugundana m'kati. Zaka khumi ndi ziwiri ankaganiza kuti adona amakonda mazira owiritsa.

Jeremiah anatuluka patatha masiku anayi, wowonda koma akuyamwa mwaukali. Falesi anagula kapu wamba kumsika, wobiriwira, wopanda kabakha. Ankamutsuka ndi sopo ndi madzi otentha, kumuyanika padzuwa, n'kumusunga m'poto wovindikira. Botolo a Albertina anakaliponya okha m'chimbudzi, mbandakucha, anthu asanadzuke.

Tsono mudzi unawakonzera njira yothawira, yosalala bwino. Amayi amene anaona kamphira kaja anali a midzi ina. Kwawo kuno anthu ankangowerenga zimene anaona: bambo wachoka, mwana wachira. "Munaonatu patali, a Albertina," ankatero amayi pa mjigo. "Anthu okhala m'tauni nzeru zawo ndi zina." A Albertina ankangoti "Mmm," n'kusenza ndowa. Akanatha kukhala ndi "mmm" ameneyo mpaka kumanda, dzina lawo lili lowala ngati mapoto awo.

Koma kuseri kwa nkhokwe kunali nyumba yopanda mwamuna, ndipo Falesi anasiya kuwapatsa moni. Sabata yathunthu ankangodutsana. Tsiku lachisanu ndi chitatu Falesi anabwera n'kuima pakhomo, mwana ali kumsana, osagwada.

"Amayi, mwana wachira. Tsopano mukanditengere mwamuna wanga kumene munakamutaya. Mukapanda kutero ndipita ndine, ndipo kuno simudzationanso."

A Albertina anapita wapansi, opanda kachikwama. Njira ya kwa Nchema siitali kwambiri, koma iwo anaiyenda ngati ikukwera phiri, akukonza mawu oti anene popanda kunena kanthu. Anapeza Bonifasio akumata chubu pabwalo, a Stanford ali pa mpando wa ndalema, amayi awiri akusinja chapafupi. Anagwada patali, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu wake. Moni atatha, anayamba.

"Mwana ali bwino tsopano. Kunyumba akukufunani, bambo."

Bonifasio sanadzutse mutu. "Amalume, tawafunsani chimene chinadwalitsa mwana wanga."

"Anesi akuti ndi tizilombo," anatero a Albertina.

"Tinachokera kuti tizilomboto?" anafunsa a Stanford.

"M'botolo."

"Botolo la ndani?"

A Albertina anayang'ana nyerere imene inkakoka kachitsotso pafupi ndi bondo lawo. Mawu anatuluka aang'ono, ongokwanira anthu atatu. "Mwana ndinamudwalitsa ndine. Bambo ake alibe mlandu."

A Stanford anali munthu woti nkhuku ikatetera kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti ndi ya ndani. Koma anaika chikhatho kukhutu, nawerama pang'ono.

"Makutuwa anakalamba, mayi. Takwezani mawu."

Misi inaleka kugunda. A Albertina anakoka mpweya, nakweza mawu mpaka anamveka kwa anthu odutsa pamsewu. "Ndine! Ndinamudyetsa zoola ndi manja angawa, ine mwiniwake, mpaka Jeremiah akanafa!" Pa dzina la mwanayo mawu anaduka, ndipo analira pamaso pa mkamwini wawo, kulira kwenikweni, kosasamala kuti akuona ndani.

Bonifasio anaika chubu pansi, anapukuta manja pa buluku, nalowa m'nyumba kukamanga zovala zake.