Maluwa Amene Sindinathothole

Bambo anga atapuma ntchito ya uphunzitsi anangosamutsira sukulu kuseri kwa nyumba yathu ku Nsaru. Mpiru pamzere, tomato pamzere, anyezi pamzere. Maluwa a amayi okha, omwe ankakongoletsa nawo kutchalitchi Lamulungu, ndiwo ankamera pomwe afunira, ndipo bambo ankawadutsa ngati ana a kalasi ya mphunzitsi wina.

Pakati pa dimbalo panali kamtengo ka mango omezanitsa. Mbande yake anakaigula cha ku Chitedze, n'kubwera nayo pa minibasi ataifungata pamiyendo. Wogulitsayo anawauza kuti kamtengo kotere kakachita maluwa kakadali kakang'ono, aziwathothola kuti mphamvu zipite ku thunthu. Bambo lamulo sankauzidwa kawiri. Chaka choyamba anathothola. Chachiwiri anathotholanso, ngakhale kamtengoko kanali katawapitirira msinkhu. Amayi akadandaula, iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako anali nako kuyambira kale. Ali pantchito ankakwapula mwana aliyense wopezeka akudya mango aawisi ndi mchere. Inenso anandikwapulapo anzanga akuona, ati asamanene kuti mwana wa aphunzitsi amakonderedwa.

Chaka chachitatu ndinabwerera kumudzi kudzathandiza amayi, chifukwa bambo anali atadwala. Kuchipatala anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu basi, n'kutiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake. Palibe amene analitchula.

Unali mwezi wa Seputembala, madzi atayamba kutsika m'chitsime. Ndinkathirira dimba m'mawa, bambo akundiyang'anira pazenera. Tomato anali atayamba kufiira, mpiru ukuthamangira kuchita njere chifukwa cha kutentha. Mtengo wa mango nawo unali utachita maluwa mbali zonse, njuchi zili piringupiringu.

"Iwe, ukatha kuthirira uthothole maluwawo," anatero bambo.

"Bambo, mtengo uwu wakula. Kodi simufuna kulawa ngakhale limodzi?"

"Chaka chamawa."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa chikwapu chija. Munthu wolephera kumaliza kapu ya phala ankandiuza za chaka chamawa. Ndinkafuna adye bango la mtengo wawo asanatisiye, ndipo sindinkafunanso china.

Ndinathothola maluwa onse ooneka pazenera. Nthambi imodzi yakuseri, yoyang'ana kumpanda, ndinaisiya. Amayi anaiona akudula maluwa awo Loweruka. Anayang'ana nthambiyo, n'kuyang'ana ine, kenako n'kundifunsa ngati ndaona mpeni wawo, womwe unali m'manja mwawo.

Maluwa ambiri anayoyoka okha ndi mphepo. Panatsala timango titatu. Kamodzi kanagwa ndi mvula ya chizimalupsa. Awiri otsalawo anakula mpaka kudzaza chikhatho, ali obiriwira, olimba ngati mwala. Kuti apse panafunika tifike cha ku Khirisimasi, ndipo ndikawayang'ana bambo ndinkaona kuti Khirisimasi ili kutali.

Tsiku lina m'mawa anati akufuna kukayendera dimba. Tinawagwira uku ndi uku, ine ndi amayi. Anadzudzula mzere wa anyezi kuti wakhota. Anati tomato ndamuthirira mopitirira. Maluwa a amayi anawadutsa monga mwa nthawi zonse. Kenako anatikokera kuseri kwa mtengo, kumpanda kuja, ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mango awiriwo.

"Ntchito iyi ndinatuma ndani?"

"Ine, bambo."

"Sunaimalize, eti?"

"Sindinaimalize."

Ndinadikira chilango, ine mayi wa ana akuluakulu. Iwo anatambasula dzanja, n'kuligwira bango limodzi, kulisinikiza ndi chala monga amachitira ogula pamsika. Silinabonyoke ngakhale pang'ono.

"Awa mpaka Disembala," anatero.

Amayi anayamba kuchotsa tizitsotso pa chitenje chawo, pomwe panalibe chitsotso chilichonse.

Bambo anapotokola bango lija mpaka linathothoka, utomoni ukuyenderera m'zala zawo. Analipukuta pamalaya. Kenako anatembenukira kwa ine ndi nkhope yomwe ija ya m'kalasi.

"Katenge mchere," anatero.