Makabati a Trevor pa Kapinga

Mlamu wanga Trevor Pappas wa ku Geelong ndi munthu woumira. Wayendetsa basi zaka makumi awiri, koma chinthu chatsopano sindinamuonepo akugula. Mkazi wake Noelene atadandaula kuti khitchini yawo yatha, iye anati, "Mayi, anthu amataya zinthu zabwinobwino. Dikirani sabata ya zinyalala."

Kwathu kuno, sabata imeneyo aliyense amasiya katundu amene watopa naye pa kapinga wa m'mbali mwa msewu, ndipo wofuna amangotola. Trevor anazungulira tauni yonse n'kubwerako ndi sinki, mipando iwiri ndi matailosi osiyana mitundu.

Makabati akale a m'khitchini mwawo okha anati angowapaka penti. Anawazula, n'kuwapaka wobiriwira, n'kuwayanika pa kapinga wa m'mbali mwa msewu uja. Kenako analowa m'nyumba kukamwa tiyi. Potuluka anapeza udzu wokhawokha.

Patatha mwezi, neba wawo Gavin anawaitana kukadya nyama yowotcha, n'kuwaonetsa khitchini yake yobiriwira.

"Achimwene, taonani mwayi wanga," anatero Gavin. "Chitsiru china chinataya makabatiwa chitawapaka kale penti."

Noelene anasisita chitseko cha kabati n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Chitsirucho ndikuchidziwa," anatero. "Mpaka lero mbale zake chikusunga m'makatoni."