Seshoni ya Matayala Anayi

Ine galimoto ndinazidziwa kalekale, fowilo, ija yoyendetsa matayala onse anayi, ikadali chitsulo chogwira ndi dzanja. Galimoto ikakana matope unkangokoka ndodo ija mpaka mano a magiya kulira, basi nkhani yatha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma injini ikakhosomola ku Naisi ine ndimaimva ndili kwathu kuno.

Tsono chaka chimene mdzukulu wanga wamkazi ankakwatiwa, mvula inavumba ngati yachita kutumidwa. Bambo ake, amene ndi mkamwini wanga, anabwera kuchokera ku Blantyre ndi chigalimoto chachitali chakuda choti chikanyamule mkwatibwi kupita ku tchalitchi ku Domasi Mission. Potsikira kwathu kudambo chinatsika bwinobwino. Vuto linali pokwera. Kamsewu kathu kotulukira n'kachitunda cha dothi lofiira, loterera ngati therere, ndipo abusa anali atanenetsa kuti ukwati wochedwa sadikira chifukwa masana anali ndi maliro kwina.

Loweruka m'mawa mkamwini anadina kabatani ka fowilo. Kanyale kachikasu kanangoyamba kuphethira ngati munthu wa nthenda ya maso. Matayala akumbuyo ankazungulira n'kumalavula matope, akutsogolo ali duu.

"Akamwini, ndodo yake ili pati?" ndinafunsa.

"Ilibe ndodo, bambo. Zonse zimayendera magetsi."

"Mwagula galimoto yopanda ndodo? Nanga mukakangana nayo mumaigwira pati?"

Iwo anaimbira foni makaniko wawo wa ku Zomba. Mkuluyo anati muli kompyuta imene imamvetsera tayala lililonse kudzera pa kawaya, ndipo tayala limodzi likanena zosiyana ndi anzake, kompyutayo imakana kulowetsa fowilo. Anati pafunika kamakina kake kopimira, koma iye anali ku Liwonde.

"Mboni yonama imeneyo!" ndinakuwa, nkhuku mpaka kubalalika. "Imeneyo si nkhani ya makina, ndi ya seshoni."

Paja ine ndine mkulu wa mpingo, milandu ya mboni zosagwirizana ndaiweruza yambiri m'seshoni, bwalo la akulu ampingo. Ndinaitana akulu ampingo anzanga amene anabwerera ukwati, atavala kale masuti. Tinaikweza galimoto pa jeke n'kuikhazika pa njerwa zimene ndinaumbira khitchini. Tayala lililonse ndinalipatsa mkulu wake, ine n'kukhala pampando kutsogolo monga wapampando.

Mkamwini analiza injini. Wa tayala lakumbuyo kumanja anati lake likuyenda mokhulupirika. Wa kumanzere anati lakenso, kungoti lamuthira matope pa tayi. A kutsogolo anati awo akukana kulankhula.

"Lokana kulankhula lili ndi chobisa. Lizungulitseni ndi manja!"

Anazungulitsa mpaka thukuta. Mmodzi anapereka ganizo loti tayala lakumanzere lidulidwe mu mpingo, tiike la sipeya. Wina anakana, ati sitidula munthu asanachenjezedwe. Anakangana zenizeni, kutchulirana ndi mavesi omwe, mkwatibwi ali pakhonde mu diresi yake yoyera, akulira mwakachetechete.

Akazi anga ndi amene anatulukira ndi tsache. "Abambo, usiku wonse makoswe a m'nkhokwe amachita msonkhano pansi pa chinthu chanucho. Mwasuzumiramo?"

"Ndimati ndifike kumeneko, mayi. Seshoni ili ndi dongosolo."

Ndinagona chagada pachiguduli n'kukwawira pansi. Kuseri kwa tayala lakutsogolo kumanzere kawaya kanali katatafunidwa, kakulendewera. Kansi mboniyo sinkanama, anaidula lilime. Ndinasenda nsonga ndi mano anga otsalawa, n'kupota, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Titaitsitsa panjerwa ndinati batani ndidina ndekha. Mabataniwo anali ndi zilembo za Chingerezi, ndiye ndinasankha limene linkaoneka laulemu. Chala changa chinazolowera khasu. Ndinadina kamodzi, pansi panalira kuti gudu, kanyale n'kusiya kuphethira, koma batani linalowa m'kati osabwereranso.

"Bambo, mwaika giya ya mphamvu, yokokera zinthu. Siituluka imeneyi!" mkamwini anadandaula.

"Mumafuna mphamvu kapena simumafuna?"

Titakwera ndi mkwatibwi, chitunda chija galimoto inachikwera ngati pabwalo. Koma titafika pamsewu wabwino, liwiro linali lomwelo, la ng'ombe yokhuta, injini ikubangula ngati chigayo. Amayi a kwaya amene ananyamuka wapansi pambuyo pathu anatipeza, n'kutizungulira, n'kuyamba nyimbo. Ena ankatsogola n'kukatidikira pamthunzi. Wogulitsa nzimbe anayenda nafe pawindo mpaka anagulitsa mtolo wonse. Mkamwini anangogwira chiwongolero, nkhope ili gwa.

Tinalowa pa Mission ndi chikhamu chimene sichinaitanidwe n'komwe. Abusa anali atatseka kale chitseko cha tchalitchi, chisoti chili kumutu, mwendo umodzi uli panjinga yamoto. Koma njira yotulukira ndi imodzi, ndipo munali ife, galimoto yosatha kupatuka msanga ndi anthu odzaza mbali zonse. Anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvula chisoti, n'kuitanitsa makiyi a tchalitchi.

Mwana anakwatiwa. Ine ndinakhala benchi yakutsogolo, msana wonse uli matope.